Simenti Idikire Kaye

Lachinayi. Kwatentha, mitambo yaunjikana cha ku Chileka, koma mtima wapepuka.

Ndimafuna kuthira simenti pabwalo ponse. Mwana wanga Asiyatu, amene akuphunzira za uinjiniya, wandiletsa. Walemba pansi ndi kamtengo: Q = CiA. Akuti i ndi mphamvu ya mvula, mamilimita pa ola, A ndi kukula kwa malo, C ndi gawo la madzi limene nthaka yakana kumwa.

"Ababa, mukathira simenti C akwera, ndiye Q, madzi othamangawo, akagwetsanso khoma la a Phiri."

Ndakalipa, simenti ndinagula kale pa Lirangwe! Komatu aneba athuwa sitilankhulana chigwereni khomalo dzinja lathali. Ine ndi Asiyatu tagwirizana zokumba dzenje lothiramo miyala ndi kudzala kapinga.

Mawa ndikabwereka piki kwa a Phiri. Yanga ilipo, koma...