Ndinatsuka Mng'oma wa Batate

Lolemba, 14 Okutobala

Batate, bambo anga, sanadyenso, lero tsiku lachitatu. Chibwerereni kuchipatala ndi sitirokoyi, mbali ya kumanja siyenda, mawu akutuluka movutikira, ndipo funso lawo ndi limodzi: "Zabwela?" Akufunsa njuchi zawo. Zinachoka iwo ali kuchipatala, monga zichitira chaka chilichonse dzuwa likakula, kenako zimabwerera zokha mumng'oma wa mumtengo wa mango, kuseri kwa chimbudzi. Chaka chino kuli zii.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndine. Nditaona kuti mng'oma ulibe kanthu ndinautsitsa, ndinapala ndi mpeni zakudazakuda zonse za pakhomo pake, ndinautsuka ndi sopo ndi madzi otentha. Ndimati akabwera aupeze ukuwala. Wina wakale wobooka uja, umene unkangokhala pansi pa mtengo, ndinakautaya kudzala. Ukhondo wa mwana wa m'tauni.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndaulula kwa bamake Chipo a nyumba yoyandikana nafe. Anagwira pakamwa. "Iwe Exildah, vija vakuda ni phula. Ndiye fungo yamene zikonkha pobwelela kunyumba. Wafuta adilesi yao, manje zizabwela bwanji?" Ndawapempha kuti asawauze batate.

Lachinayi, 17 Okutobala

Mlongo wanga Given waimba foni ali ku Solwezi ndi lole yake. Akuti kumeneko njuchi n'zosayamba, abweretsa bokosi limodzi. "Njuchi ni njuchi, sisi. Ba mudala sibazaziba." Ndavomera, nanga n'kutani?

Phala masupuni awiri, lachitatu analavula. Kuchipatala anachita kunenetsa kuti mankhwala asamwe m'mimba mulibe kanthu. Lamba wawo ndaboola bowo lina.

Loweruka, 19 Okutobala

Zafika, koma theka zafera m'njira ndi kutentha. Zotsalazo tathira mumng'oma, kenako tinawanyamula batate pampando mpaka pansi pa mango. Anayang'ana nthawi yaitali. "Balendo," anatero. "Ni za musanga."

Amatanthauza kuti n'za kutchire. Given anaseka. "Mwaziba bwanji, batate? Zili na vitupa?" Iwo sanaseke.

Ankandiuza kale zimenezi, ine ndili pafoni. Zaka zonse zimene anagwira ntchito yosamalira maluwa ku Roma, dera la olemera pafupi ndi kwathu kuno, ankaziona njuchi zakuno. Ankati zimadziwa mpopi uliwonse wodontha muno mukomboni ya Ng'ombe, zimadziwa mabwalo a mitengo ya jakaranda, zimadziwa nthawi yothawa njala ndi yobwerera, ndipo khomo lawo zimalimata ndi phula kuti nyerere zisalowe. Ankatinso n'zaukali, munthu zimamuluma akadali patali. Za kunkhalango ya mvula yambiri zili ndi nzeru za kwawo, fumbi lathuli sizilidziwa.

Kenako maso a batate anafika pakhomo la mng'oma, loyera mbee, lokula ngati pakamwa pa chule. Anachotsa maso pamenepo n'kundiyang'ana ine. Bola akanandimenya.

Lolemba, 21 Okutobala

Nyerere zalowa pa khomo lomwe ndinakulitsa ndi mpeni wanga. Alendo aja akungogwa. Ndawola zakufa ndi manja, zamoyo zomwe zinali pamenepo osandiluma n'komwe. Batate atembenukira kukhoma. Sakufunsanso, ndipo funso lija linali labwino kuposa chete ameneyu.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndagwada pambali pa bedi ndawauza zonse, za sopo, za mpeni, za bodza la Given ndi ine. Sanatembenuke. Ndinangoona phewa likukwera ndi kutsika.

Mulungu wanga, batate akapita ndiye kuti ndawapha ndine, ndi sopo. Ndili ndi mantha. Ndapita kumsika kukafuna phula, onse akugulitsa uchi wa m'mabotolo, wina mpaka anafuna kundigulitsa kandulo.

Lachitatu, 23 Okutobala

Batate amwa madzi okha. Zotsala za Given zathawa.

Lachisanu, 25 Okutobala

M'mawa ndikukolezera mbaula ndinamva bamake Chipo akukuwa kuseri kwa mpanda: "Exildah, bwela uchose vinthu vako ku dzala, vatiluma!"

Ndinathamanga osavala ndi patapata yemwe. Mng'oma wakale wobooka uja, wagona chammbali pakati pa mapulasitiki ndi phulusa, wakuda bii monga ndinautayira, uli piringupiringu. Zikulowa, zikutuluka, ngati zinali pomwepo chikhalire. Sindinafike ngakhale pafupi. Imodzi inandipeza pansi pa diso lakumanzere, ululu wake ngati khala lamoto.

Ndinalowa kuchipinda ndikulira, sindikudziwa ngati kunali kulira kwa ululu. Ndinangoti, "Batate, zaniluma."

Anatembenuka. Pang'onopang'ono, koma okha. Anandigwira chibwano ndi dzanja lamanzere, anapala mbola ndi chikhadabo, anaiyang'anitsitsa. Anafunsa kuti ndinali patali bwanji. Ndinaloza kuchokera pabedi mpaka pakhomo la panja. Mbali imodzi ya pakamwa inaseka.

"Ni zathu," anatero. Atapuma anawonjezera, "Mng'oma uja usausuke na sopo."

Ndikulemba ndi diso limodzi, linalo latsekeka. Phala lapsa. Batate akugogoda supuni pa chitsulo cha bedi.