Masipika Asanu, Timabowo Tiwiri

Bambo a Lusungu,

Musandifunefune, ndathamangira kuchipatala ndi amayi anu. Akodwa mu waya uja munayala pakati pa nyumba, bondo latupa. Pepani, sipika imodzi yagwera nawo limodzi, koma musalire maliro, ndi imodzi mwa masipika osalankhula aja.

Kasaundi kadi kanu ka pa laputopu kolumikizira masipika kaja, dzulo ndinawaonetsa a Rodrick okonza mawailesi pa Kamwendo. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti masipika asanu amafuna kadi ya mabowo atatu otulutsa mawu. Kanuko kali ndi timabowo tiwiri tokha, kenanso n'ka maikolofoni. Inu pokagula pa boda paja, m'malo mowerenga mabowo, munasankha koyaka buluu, ati ndiye kamphamvu. Sabata yonse mwakhala mukutikhalitsa chete kuti timve helikopita ya mufilimu ikudutsa kumbuyo kwathu. Ife tangomva nkhuku za aneba.

Mukafika chotsani mawaya onsewo, muzule misomali munakhoma m'makoma a eni nyumba, mutilondole ndi buku la amayi lakuchipatala.

Paja mumafuna mawu ochokera mbali zonse. Lero muwamva: amayi kutsogolo, alongo anu m'mbali, ine kumbuyo.

Ndine,
Mayi a Lusungu