Mayi Apite Kuchipatala Lero

Jumeirah Village Circle, Dubai
Julayi 2020

Mlongo wanga Gideon,

Ndikhulupirira wadzuka bwino pamodzi ndi alamu anga a Stellah ndi ana. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Dzulo a Stellah ananditumizira kavidiyo ka mayi. Ndinawaona akupuma ngati akwera phiri, milomo itauma. Ndinaonanso zimene sunafune kuti ndione. Chithunzi cha mneneri wako uja chili pakhoma kumutu kwa bedi, kandulo akuyaka pansi pake, iwe utagwada, dzanja lili pankhope ya papepala. Iwe Gideon, mwana wa mkulu wa mpingo.

Nditafunsa, akuti mneneriyo waletsa chipatala, ati korona ndi chiwanda ndipo wopita kwa adokotala alibe chikhulupiriro. Mwiniwakeyo akuti amalalikira atavala masiki, ataima patali ndi anthu.

Kuno madamu amene ndimawagwirira ntchito sandilola kutuluka, ndiye Lamulungu ndimawerenga Mawu ndekha m'kachipinda kanga, pafupi ndi makina ochapira. Ndafika pa Ezekieli. Nayenso anali kudziko la eni, ndipo Mulungu anamuonetsa, kudzera pabowo la pakhoma, akuluakulu akwawo akufukiza lubani kwa zithunzi, akuyesa kuti palibe akuwaona. Zimene zinaugwera mzinda wawo unaphunzira ku Sande sukulu. Ine sindine mneneri, ntchito yanga n'kusintha matewera a ana a eni, koma ndachita mantha ndipo ndakukwiyira kwambiri.

Uziti ndili kutali, za kumudzi sindikuzidziwa. Matendawa koma ndawaona ndi maso. Mlonda wa pageti pathu, chibambo champhamvu, anagwa ali pantchito, ndipo ali moyo lero chifukwa anathamangira naye kuchipatala kukamupatsa mpweya.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Chotsa chipepalacho, peza galimoto lero lomwe, mayi apite kuchipatala. Ukagwade pakhomo la wodi, Mulungu amamva kumenekonso.

Ndege sizikuuluka, Gideon. Mayi akatisiya, maliro awo ndidzaonera pafoni ndili ndi mwana wa eni kumsana, ndipo sindikudziwa ngati pakamwa panga padzatulukenso mawu oti mlongo wanga.

Upereke moni kwa a Stellah, ndipo usawakalipire, achita bwino kundionetsa. Ana uwapatse moni. Mayi uwanong'oneze kuti Tawina akuwapempherera. Mulungu wamoyo akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako, mpaka pano,
Tawina