Mwendo wa Mbuzi Uli Kutayala

Bambo a Temwa,

Mukangodzuka, thamangirani panja! Handibuleki ija mwakhala mukunena kuti mukonza Loweruka yatitsanzika lero. Ndimati ndiimike galimoto pamtsetse wathuwu, kungokoka chonchi, waya n'kuduka. Ndinaisiya m'giya, koma nkhalamba yathuyi mukuidziwa, inayamba kutsetsereka pang'onopang'ono kukapereka moni kwa galimoto yatsopano ya aneba.

Nalishebo, mnzanga wakuntchito uja, anaponda buleki, ine ndikusaka mwala woika kutayala ngati kwathu. Rotherham yonseyi, mwala olo umodzi! Ndiye ndatchingira ndi mwendo wa mbuzi wa mufiriji, wouma gwa, umene munagulira alendo akutchalitchi. Wagwira kuposa handibuleki yanu ija! Taseka mpaka misozi, panopa nthiti zikundiwawa.

Pepani kwambiri, ife takwera basi, shifiti siidikira munthu. Muimike galimotoyo pamalo osatsetsereka, kenako muitane makaniko asinthe wayayo.

Chonde fulumirani, lero dzuwa latuluka mu England muno. Nyamayo ikangofewa, galimoto ipita, ndiwo za alendo nazo zipita.

Ndine wanu,
Amake Temwa