Malo a Pakhomo ku Msika Watsopano

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndayamba ndi moni, chifukwa ndikayamba ndi nkhani mukundidziwa, moniyo adzapezeka kumchira. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija lasiya kulira mukamadzuka pampando? Ine ndilipo, maso okha ndiwo ayamba kundinamiza, pa singano imodzi ndikumaona mabowo awiri.

Nkhani ndi ya mwana wanu, Kasingano wathu. Dzinali anamupatsa ndi anzanga a pakhonde, muja ankati akaweruka kusukulu n'kumandilowetsera ulusi, buku lili pamwendo. Pakhonde la sitolo ya zitsulo pomwepo, pamene ndasokera nsapato kuyambira tsitsi lili bii, ndi pamene anawerengera mpaka kulowa yunivesite. Tsiku lolandira digiri nsapato zake ndinapukuta ndine, ndipo mnzanga wa mawotchi anamubwereka wotchi ya kasitomala amene sanabwerenso. Tonse tinkati mwana wa pakhonde watuluka.

Watulukadi, mlongo wanga. Ntchito anaipeza ku khonsolo, yojambula mmene mzinda uyenera kukhalira. Ine ndinkayesa kujambula n'kujambula basi. Kenako tinangomva kuti a pakhonde tonse tisamukira ku msika watsopano kuseri kwa depoti, ndipo pamene pali benchi langa adzaikapo maluwa. Maluwa! Duwa lingamate chidendene cha munthu amene akuthamangira basi?

Anzanga anandisankha kuti ndikawalankhulire kumsonkhano, akuti pakamwa panga pasamangothera nthano zaulere. Tinalowa m'chipinda chozizira ngati firiji, mipando yake yoterera. Kutsogolo, woimirira ndi kandodo kulozera pachithunzi, Kasingano. Anafotokoza za ana ogundidwa ndi njinga zamoto chifukwa khonde tinalitseka, za mvula yotinyowetsera katundu, za denga ndi mpopi za kumsikako. Zonse zoona zokhazokha. Nditakweza dzanja anandiloza n'kunena kuti bambo a nsapatowo alankhule. Bambo a nsapato, ine malume wake! Pambuyo pake anandiuza kuti kuntchito kulibe amalume. Nanga amalumewo amawasiya pati, kwa alonda pachipata?

Ndinaimirira kuti ndikane kusamuka. Koma nditaona akuluakulu a mataye akumumvetsera mwana wathu ali chete, lilime linakhota lokha. Ndinayamba kusimba za kamtsikana kowerenga pakati pa fungo la guluu, kolemba masamu kuseri kwa makatoni a polishi. Ndinasimba mpaka wapampando anatsokomola. Onse anaomba m'manja, a khonsolo ndi anzanga omwe, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti ndinalankhulira mbali iti. Wa mawotchi akuti ponditumapo ine anatuma galu kukaluma, galuyo anakagwedeza mchira. Kasingano naye anangoti nkhani za pakhonde zinali zathu, sizinali za mabwana ake.

Tsono chandizunguza mutu ndi ichi. Malo a kumsika anagawa mwa maere, tsiku limene ine ndinali pamzere ku chipatala cha maso. Dzina langa linagwera pakhomo penipeni, pamene aliyense wotsika basi adutsa. Wa mawotchi, amene takalambira limodzi, wagwera kumbuyo, moyandikana ndi zimbudzi. Masiku ano akandiona amavula chipewa n'kundipatsa moni kuti amalume a khonsolo. Anzanga akaseka nanenso ndimaseka, koma ndikayamba nthano aliyense amapeza chochita. Nditamufunsa Kasingano anati ndi maere, iye sanakhudzeko, ndipo anakwiya kuti ndingamuganizire zotere. Koma ponena anali ataweramira foni, ndiye nkhope yake sindinaione bwino.

Tinamutumiza kusukulu kuti akwere, akakwera atikoke. Si mmene tinkanenera ine ndi inu? Lero ndikaganiza kuti wandikoka ndikuchita manyazi, ndikaganiza kuti sanandikoke penapake pakundiwawa. Zimenezi kusukulu kwawoko amaphunzitsa, kapena n'za ife otsala pansi?

Pempho langa ndi limodzi. Akakuimbirani, mufunseni inu mwa umayi, osatchula kuti ndakutumani. Amene anamuyamwitsa sangamubisire. Ngati ndi maeredi, ndikhala pakhomopo, oseka aseke mpaka mano aume. Ngati ndi dzanja lake, musamukalipire ndipo musauze munthu, ntchito ingamuthere. Ndingosinthana mwakachetechete ndi wa mawotchi, mphuno zanga zinafa kale. Chokhacho yankho lifike mwezi usanathe, chifukwa lole yosamutsa ikabwera benchi liyenera kudziwa kotsikira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze asiye kuponda chakumbuyo kwa nsapato ngati patapata. Moni kwa azakhali, kwa apongozi anu ndi adzukulu onse. Mzime wanu ndamva akufuna kuphunzira za udokotala. Abwere ndithu, pogona alipo, koma andiuziretu chiwalo chimene adzayambe kundidula.

Tsalani bwino,

Ndine mlongo wanu,
wosoka nsapato