Nyumba yako yopanda khonde

Wokondedwa mdzukulu wanga Yamikani,

Ndikhulupirira uli bwino ku Doha komweko. Ife kuno tilipo, kungoti bondo langali likundivutabe.

Nkhani ndi ya nyumba ukundimangirayi. Lachiwiri mmisiri wako, a Chimwaza, anandionetsa pulani unatumiza pa foni ija. Ndinati, "Bambo, iyi ndi nyumba kapena katoni ya sopo? Khonde lili kuti? Nanga dengali lagona chagada bwanji?"

Iwo akuti, "Agogo, mwiniwake safuna zokongoletsa. Akuti nyumba zomwe amalondera uko n'zotere, chilichonse chikhale ndi ntchito yake."

Ndinakhala pamulu wa njerwa n'kuwauza kuti asaikenso ngakhale imodzi. Anatola zida zawo atakwiya, ati likadutsa Loweruka akayamba ntchito ina ku Mponela. Mitambo nayo yayamba kuda, makoma ali osafolera.

Iwe, kumchengako mvula imagwa kangati? Denga lathyathyathya kuno lisanduka dziwe. Maluwa a pakhoma ndi mizati yopotapota sindikuzifuna, pamenepo tagwirizana. Koma khonde si ndolo ayi. Ndi pomwe ndimayanika ufa kukamagwa mvula, ndipo tsiku langa likadzakwana azimayi adzakhala pomwepo. Ukufuna adzandilire ali chiimire m'matope?

Uwaimbire a Chimwaza Loweruka lisanafike, uwauze kuti denga likhale lotsetsereka, khonde likhalepo. Ukapanda kutero, ine sindisamuka m'nyumba yanga yodonthayi.

Mulungu akusunge, ndipo uzimwa madzi ambiri padzuwapo.

Ndine agogo ako,
Nachisale