Pepala la ku Namiyala

Namiyala Watsopano,
Makokola,
Mangochi.

Okondedwa achimwene a Swadick,

Assalam alaikum. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu, alamu a Hidaya ndi ana. Chifuwa chija chinakusiyani? Kuzizira kwa ku Joni ife timangokumva, ndiye muzivala zokwanira. Kuno tilipo, Alhamdulillah. Mlongo wathu Naima ali bwino, mayi aang'ono Amida miyendo ikuwavutabe, ndipo mwera wa chaka chino watikhazika kumtunda masabata awiri osaponya khoka.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba kalata chonsecho timalankhulana pafoni Lachisanu lililonse. Pafoni ndimakunamizani, achimwene. Ndikangomva mawu anu, lilime limakhota lokha. Ndiye ndaipereka kwa transipota wopita ku Joni, kuti ikachoka m'manja mwanga ndisathenso kuibweza.

Ndiyamba ndi zimene mukuzidziwa kale, chifukwa inenso ndinkazidziwa koma ndinachita ngati mlendo.

Boma litasamutsa mudzi wathu kuuchotsa kugombe la Namiyala kuti pamangidwe hotela, atsibweni a mayi, Che Hafiz, anakana kunyamuka chimanjamanja. Anasainirana pangano ndi boma. Pepalalo limati manda a makolo akhalabe a mbumba yathu, ndipo njira yopita kumeneko, yodutsa mkati mwa mpanda, izitsegulidwa kwa ife mpaka kalekale. Hotela ija yasintha eni katatu, koma aliyense wobwera ankaopa chidindo cha boma. Mwambo wake mukuudziwa: pa maliro, mwini mbumba amatsogola kutsogolo kwa jeneza lonyamulira mtembo atakweza pepala, mlonda n'kutsegula geti.

Tsiku limene munkakwera basi munandiuza kuti ndine wotsala ndi mbumba. Munandionetsa pamene mayi ankasunga pepalalo, m'sutikesi yawo, mkati mwa sanda imene anadzigulira kale. Ndinayankha kuti mupite ndi mtendere. Pakamwa panga sipanasowepo yankho labwino, mukundidziwa.

Chaka chatha kunabwera gulu lotchedwa Nyanja Yathu. Mtsogoleri wake ndi a Blackson, amene kale ankaphunzitsa kusekondale, munthu wodziwa kulankhula moti mumaiwala kuti mwaima padzuwa. Uthenga wawo unali woti ife a kumunsi kwa nyanja tipatuke, tikhale ndi boma lathulathu. Ankati nsomba ndi zathu, gombe ndi lathu, alendo amabwerera nyanja yathu, koma ana athu amathera pamsewu wa ku Joni.

Musandiweruze msanga pamenepa. Zambiri zimene ankanena zinali zoona. Ine ndimaika bwato pakati pa mipanda iwiri, pamalo poti ng'ombe ingavutike kutembenuka. Inu muli kumeneko chifukwa kuno kunalibe chochita. Mtima wanga unali wotupa kale, a Blackson anangoubaya.

Ndinalowa gulu ndi miyendo yonse. Anandipatsa udindo wa mlembi wa nthambi ya kuno, ine amene folomu 2 inandikana kawiri, ndipo mutu unakula. Ndinkayenda ndi kope kukhwapa ngakhale popita kukasoka khoka.

Naima ndiye anaona patali. Tsiku lina a Blackson atabwera kunyumba, iye akutembenuza usipa pathandala, anawafunsa osawayang'ana n'komwe. Anati pangano la Namiyala tinapangana ndi boma lomwe iwo akufuna tilisiye, nanga tikalisiya tidzakhala tinapangana ndi yani? Boma latsopanolo lidzalandira mapangano a lakale, kapena lidzangolandira gombe lokha?

A Blackson anaseka. Anati ana a nyumba imodzi sasowa pepala, ndipo dziko likadzakhala lathu mageti onse adzatseguka okha. Naima anawapempha kuti mawu omwewo awalembe ndi kusaina. Iwo anayang'ana wotchi. Ine, mbuzi ine, ndinamukalipira mlongo wanga pamaso pa mlendo kuti nkhani za dziko azisiyira amuna.

Kenako kunakonzedwa msonkhano waukulu pabwalo la mpira. A Blackson anati anthu amve kuchokera kwa mwini nkhani mmene boma linatilandira gombe n'kutisiyira kanjira. Anandipempha kuti ndibwere ndi pepala lenilenilo, anthu alione ndi maso.

Ndinalitenga mayi ali kumsikiti. Ndinatsegula sutikesi, n'kufunyulula sanda yawo, kutenga pepala, n'kuipindanso mmene inalili. Ndinatseka sutikesi n'kutuluka.

Pamsonkhano anandipatsa chimkuzamawu. Achimwene, anthu akakuombera m'manja umalankhula zimene sunachoke nazo kunyumba. Ndinakweza pepala la Che Hafiz m'mwamba, n'kunena kuti: “Ili ndi pepala laukapolo. Boma limene linasaina apa sitikulidziwa, ndipo pangano lake kwa ife linafa.”

Bwalo lonse linagwedezeka. Mafoni anali m'mwamba, aliyense akujambula. Pomaliza a Blackson anati ndiwasiyire pepalalo masiku ochepa, maloya a gulu akalione ku Blantyre. Ndinawapatsa, mpaka kuwathokoza.

Miyezi inadutsa. Ndikafunsa, ankati mawa. M'mwezi wa Meyi ndinaona chikalata cha malamulo amene gulu linkakonzera boma lake. Pa tsamba lachisanu ndi chimodzi panalembedwa kuti mapangano onse a malo a m'gombe, opangidwa ndi maboma akale, adzatha mphamvu, ndipo boma latsopano lidzagawa gombe mmene lidzaonere. Za manda panalibe ngakhale liwu limodzi. Ndinawerenga katatu, n'kuona funso la Naima litakhala pamenepo likundiyang'ana. Sindinauze munthu.

Mayi anadwala masiku anayi okha, monga ndinakuuzirani. Chimene sindinakuuzeni ndi chimene ananena Lachitatu m'mawa, ndikuwamwetsa madzi. Anandiuza kuti malo awo ali kumanja kwa amayi awo, pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo ndisalole adzukulu akumbe kumiyala. Kenako anafunsa ngati pepala lili pamalo pake.

Ndinati lilipo.

Anatisiya Lachinayi dzuwa litangotuluka. Okumba manda anapita nthawi yomweyo, ndipo a Simioni, mlonda wokalamba uja wa pageti, anawalowetsa osafunsa kanthu, poti pepala limaonetsedwa pobwera ndi jeneza. Anakumba pansi pa bwemba, pamene mayi ananena.

Amayi osambitsa maliro atatsegula sutikesi kuti atenge sanda, Naima anatuluka panja n'kundipeza kuseri kwa nyumba. Sanakuwe. Anangondifunsa kuti lili kuti. Ndinaimbira a Blackson kasanu, kachisanu ndi chimodzi anayankha. Anapepesa za maliro ndi mawu okoma kwambiri. Anati pepala lili ku Blantyre, wosunga makiyi wachokapo, ndipo ndilimbe mtima chifukwa zoterezi ndi zimene tikumenyera nkhondo.

Ndinadzinamiza kuti a Simioni atidziwa, atitsegulira. Titaswalira maliro, tinanyamuka ine ndili patsogolo, manja ali lende.

A Simioni anavula chipewa ataona jeneza. Anayang'ana manja anga, n'kuyang'ana nkhope yanga, ndipo anandifunsa motsitsa mawu kuti pepala lili kuti. Anati akanakhala okha akanatsegula, koma kuyambira tsiku la msonkhano uja analamulidwa kuti za kumanda aziitana bwana.

Bwanayo anabwera. Ndikanakonda akanakhala wachipongwe kuti ndipeze womukwiyira, koma anali waulemu. Anapereka moni kwa a Shehe, anapepesa, n'kufunsa pepala. Nditayamba kufotokoza, anatulutsa foni yake n'kuikweza. Mawu anga anamveka pageti ponse, pamaso pa anthu onse, mayi ali pamapewa a anthu: pangano lake kwa ife linafa.

“Bambo,” anatero, “eni hotela anaona izi. Akuti mwini mbumba analikana yekha pangano pagulu, ndipo pepala mulibe. Ine nditsegula potengera chiyani?”

Ndinalankhula, ndinapempha, ndinagwada pafumbi. Anaimbira eni ake kawiri, sanayankhe. Ena anati tizungulire panyanja ndi bwato, koma mwera unali utakwiya moti tikanataya amoyo. Achinyamata ankafuna kuthyola geti, a Shehe anawaletsa kuti maliro salowa m'manda ndi ndewu. Anayang'ana dzuwa, n'kunena kuti nthawi ya pemphero la Alasiri yapita, ndipo mtembo wa Msilamu sugonekedwa kudikira ofesi.

Tinatembenuza jeneza, achimwene. Sindinaonepo chiyambire jeneza likubwerera njira imene ladzera. Tinakaika mayi kumanda atsopano a kumsewu, kuseri kwa chigayo, pakati pa anthu obwera amene sitidziwa ngakhale mayina awo. Manda awo tinakumba mothamanga, ndipo ndi pamiyala.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalata.

Madzulo ake munandiimbira mukulira, n'kupempha chithunzi cha pamene mayi agona. Ndinati nditumiza mawa. Mawa lakelo a Simioni anabwera kudzapepesa. Anandiuza kuti dzenje la pansi pa bwemba silikanakhala pululu, ndiye analikwirira okha ataikamo thunthu la nthochi, monga amachitira kwawo manda akakumbidwa osalowamo munthu. Anaunjika dothi bwinobwino, n'kujambula kuti tione kuti sanalisiye mwachisawawa.

Chithunzi chimenecho ndi chimene ndinakutumizirani.

Munandiuza kuti munachiika pankhope pa foni yanu, ndipo mumachiyang'ana popemphera m'bandakucha uliwonse. Munati mtima wanu unakhala pansi poona mthunzi wa bwemba pa dothi lawo. Ine ndinkangoyankha kuti Alhamdulillah. Masabata asanu mwakhala mukulirira nthochi, ndipo wakuchititsani ndine.

Naima anafuna kukuuzani tsiku lomwelo. A Shehe anapempha mudzi wonse kuti ukhale chete, ponena kuti manyazi a munthu ayambe atuluka pakamwa pake. Anandipatsa mpaka sadaka ya arubaini, tsiku la makumi anayi chimwalirire mayi, kuti ndikuuzeni ndekha. Mwina mphekesera inakupezani kale ndipo mukungodikira kuti muone ngati mng'ono wanu akadali munthu. Ngati ndi choncho, ndachedwa, koma ndafika.

Gulu lija ndinalisiya, ngakhale silinazindikire n'komwe kuti ndachoka. Likuchitabe misonkhano, ndipo kanema wanga amamuonetsabe. Sindinena kuti onse amene alimo ndi oipa, ambiri ndi otopa ngati ine. Koma ndikakumana nawo ndimawafunsa funso la Naima, ndipo mpaka lero palibe wandiyankha. Pepala lathu a Blackson akuti likufufuzidwa.

Ine ndi Naima tinapita ku ofesi yoona za malo. Anatilandira bwino, n'kutiuza kuti kope la boma likhoza kupezeka m'mafayilo akale. Koma wopempha ayenera kukhala amene analembetsedwa ngati mwini mbumba atamwalira atsibweni, ndipo abwere yekha ndi chitupa chake. Dzina limenelo ndi lanu. Ndinu nokha amene munganenenso kwa eni hotela kuti wolankhula pamsonkhano uja analibe mphamvu yokana pangano, anali wongosungira.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Mukachoka kumeneko ntchito ikhoza kupita, ndipo kubwerera si kophweka. Ndikanakhala ndi njira ina sindikanakuvutitsani.

Koma mayi aang'ono Amida ndi okhawo atsala mwa ana a agogo. Chiyambire maliro sananditchulepo dzina, ndikalowa amatembenukira kukhoma. Dzulo anandiitana. Anali atatulutsa sanda yawo, ataiika pamiyendo, akuisalaza ndi dzanja.

“Amidu,” anatero, “mkulu wanga wagona yekha kuchigayo. Ine mudzandiika kuti? Ukandiyankhe utafunsa Swadick, iweyo usayankhe.”

Ndiye ndafunsa, achimwene.

Sindikupempha kuti mundikhululukire m'kalata. Bwerani mudzanditukwane pamaso, ndidzaima. Bola geti mukalitsegulitse mayi aang'ono akadali ndi mpweya.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndi kwa anyamata onse a kwathu amene mumaswali nawo. Naima akupereka moni, ndipo wawerenga kalatayi kuti atsimikize kuti sindinadumphe kanthu. Allah akusungeni, akufewetsereni njira, ndipo awakulitsire mayi malo pamene agonapo.

Chithunzi chija muchichotse pafoni. Sinditumiza china. Mukadzatsika basi ndidzakutengani ndekha kuseri kwa chigayo, mukawapatse mayi salamu yanu yoyamba.

Ndine mng'ono wanu wolakwa,
Amidu.